Matabwa Sagwirizana ndi Ndowa

Kwathu ku Ndirande amayi ankakolopa simenti ndi ndowa yodzaza, kenako n'kupaka Cobra mpaka pansi mbee! Kuno ku Croydon nyumba yomwe ndimachita lendi pansi pake ndi matabwa a oak. Madzi akalowa m'mipata, matabwawo amafufuma n'kupindika. Choncho ndimayamba ndasesa, poti mchenga wa ku nsapato ndi umene umakala matabwa. Mopu ndimaifinya kwambiri. Kumiyendo ya mipando ndinamatako tinsalu. Nsapato zimatsala pakhomo, ngakhale za alendo.

Si ukhondo wokha, abale. Mwa lamulo la 2019, dipoziti kuno ku England imatha kufika lendi ya masabata 5, ndipo eni nyumba akapeza pokalika amadulapo. Ndalama imeneyo ndi fizi ya mng'ono wanga kumudzi.