Mgolo unali wawo, mowa unali wa eni

Abale anga a mumsika, lero ndikutengerani kutali, ku chilumba cha Ireland. Musati mtolankhaniyu wayamba kutsatsa mowa, ayi. Ndalama imene ndimalandira ndikalemba nkhani imodzi singagule ngakhale theka la botolo ndikufuna kukambali. Koma mbiri ya botololi ndi mbiri ya geni, ndipo aliyense wopikula katundu kwa munthu mmodzi ayenera kuimva.

Botololi ndi la wisiki wotchedwa Redbreast. Dzinali ndi la kambalame ka chifuwa chofiira kamene kajambulidwa pa pepala la botolo. Chodabwitsa n'chakuti amene adatchukitsa mowawu sadautchezepo ngakhale dontho limodzi. Pa mowawu adali ogulitsa chabe, ngati inu nomwe.

Mu 1857 munthu ndi m'bale wake, Walter ndi Alfred Gilbey, adayamba bizinesi yogulitsa vinyo ku London. Inde, ndi Gilbey yemwe uja wa pa mabotolo a jini. Pofika 1861 adali atatsegula nthambi ku Dublin. Kumeneko ankaitanitsa vinyo wotchedwa sherry kuchokera ku Jerez, m'dziko la Spain. Vinyoyo ankabwera m'migolo yamatabwa ya malita pafupifupi 500 umodzi. Akathira vinyo m'mabotolo, migolo inkatsala yopanda kanthu.

Inu mukudziwa kuti mumsika mulibe chotaya. Thumba la feteleza limasanduka la makala, chigubu cha mafuta ophikira chimatungira madzi. A Gilbey nawo adali ndi mutu womwewo. Migolo ija ankapita nayo ku fakitale ya John Jameson pa Bow Street, n'kukagula mowa wongotcheza kumene, woyera mbee ngati kachasu. Akadzaza, ankakaisunga m'nyumba zawo pa Harcourt Street, n'kutseka chitseko.

Matsenga ake ali m'thabwa. Thabwa limene lamwa sherry limabweza pang'onopang'ono zimene lidamwa: mowa umafiira, ukali umazizira, ndipo umatenga kafungo ka zipatso zouma. Koma si za sabata imodzi. Lamulo la ku Ireland limati mowa ukhale mu mgolo zaka zitatu usanatchedwe wisiki, pamene a Gilbey ankadikira zaka 12. Chaka chilichonse magawo awiri mwa 100 amauluka ndi mpweya, eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo. Tangoganizani, mpamba wanu kugona zaka 12 uku ukucheperachepera! Ife tomato akagona masiku atatu tulo sitiona. Zoona, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mowa wakewo ulinso ndi nkhani yake. Amaphatikiza chimera cha balere ndi balere wosamera, n'kutcheza katatu m'miphika ikuluikulu yamkuwa. Chidayambitsa zimenezi ndi msonkho. Mu 1785 boma lidaika msonkho pa chimera, ndiye otcheza mowa adati chabwino, tichepetsa chimeracho, tionjezera balere wamba. Kuthawa msonkho kudabala kakomedwe katsopano. Ndiye mukamakangana ndi wodula matikiti m'mawa, dziwani kuti mkanganowu ndi wakale.

Pofika 1912 dzina la Redbreast lidali litayamba kuoneka, ndipo lidatchuka mpaka anthu ankati ndi botolo la ansembe, poti silinkasowa m'nyumba zawo. Geni inkayenda. Koma taonani pomwe padali msampha. Mgolo udali wa Gilbey, nyumba yosungiramo ya Gilbey, dzina la Gilbey, makasitomala a Gilbey. Mphika wotchezera wokha ndiwo udali wa eni.

Kenaka zinthu zidavuta. Dziko la America lidaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, msika waukulu n'kutsekeka. Kuyambira 1932 mpaka 1938 Ireland ndi Britain ankakhomerana misonkho, msika wina n'kupitanso. Wisiki wa ku Scotland adalanda malo. Mafakitale a ku Ireland adagwa limodzilimodzi, mpaka mu 1966 makampani atatu, Jameson, Powers ndi Cork Distilleries, adaphatikizana n'kupanga Irish Distillers kuti apulumuke. Kampani yatsopanoyi idawerengera n'kuona kuti phindu lenileni lili m'botolo. Idaganiza zosiya kugulitsa mowa wa m'migolo kwa amalonda, kuti izithira yokha m'mabotolo.

A Gilbey adachonderera, ndipo adapatsidwabe mowa mpaka 1971 pomwe fakitale ya pa Bow Street idatsekedwa. Kuchokera apo ankangodya za m'nkhokwe. Mu 1985 adathira mabotolo omaliza. Mu 1986 adagulitsa dzina la Redbreast. Wogula wake? Irish Distillers yomweyo, imene idawatsekera mpopi.

Apa m'pamene nkhaniyi imandiwawa, chifukwa ndidaionapo ndi maso anga. Mayi anga aang'ono ankagulitsa mpunga. Ankapikula kwa bambo mmodzi yekha wobwera nawo kuchokera kunyanja. Usiku ankakhala pa mphasa ndi lichero, kupeta ndi kusankha miyala mpaka msana kuuma, ife ana tikuthandiza uku tikusinza. Anthu ankadutsa mabenchi asanu kufuna mpunga wa amayi aja wopanda miyala. Bambo uja ataona mzere wa makasitomala, adaika mlamu wake pa benchi yoyang'anana ndi yathu, n'kunena kuti mpunga wopikulitsa watha. Chaka chimenecho fizi yanga idalipidwa mochedwa, ndidakhala pakhomo milungu itatu. Makasitomala ankafunsabe dzina la amayi, koma amayiwo adalibe choika m'mbale.

Tibwerere ku Ireland. Dzina lija lidagona zaka zingapo, kenaka mu 1991 Irish Distillers, imene panthawiyi idali itagulidwa ndi kampani ya ku France ya Pernod Ricard mu 1988, idaliukitsa. Redbreast wa zaka 12 adabwereranso m'masitolo, tsopano wotchezedwa ku Midleton, m'boma la Cork, pa fakitale imene idatsegulidwa mu 1975. Miphika ina, tauni ina, eni ena. Ndiye wina afunse, bwanji sadangopeka dzina latsopano? Yankho mukulidziwa. Fakitale imamangidwa ndi ndalama, koma kuti munthu akukhulupirire pamafunika zaka. Zaka zimenezo adali atazigwirira kale ntchito a Gilbey.

Nanga migolo ija yotolatola? Imeneyonso idasintha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, sherry amathiridwa m'mabotolo ku Spain komweko, motero migolo yotsala ku doko idasowa. Masiku ano opanga wisiki amachita kuitanitsa: amisiri a ku Jerez amakhoma mgolo watsopano, amathiramo sherry kuti thabwa limwe kwa nthawi, kenaka mgolowo umakwera sitima kupita ku Ireland. Mu 2016 adatulutsa Redbreast wina wolembedwa dzina la Lustau, kampani ya sherry ya ku Jerez, kuti wogula adziwe kumene mgolo udachokera. Chimene chidali chotsalira lero ndicho akunyadira pa botolo, ndipo wogula amalipira bwino.

Ine sindikuti kampani ija idaba. Idagula dzina ndi ndalama zake, ndipo pakadapanda iyo Redbreast akadaiwalika. Bizinesi ilibe chisoni, basi. Koma inu amayi a nsomba, achimwene a kaunjika, ndi inu a nyemba ndi mpunga, dzifunseni usiku uno: atati wondipikulitsa wanditembenukira mawa, benchi yanga itsegulidwa? Ngati yankho ndi ayi, yambani kufunafuna wachiwiri, ngakhale atakhala wodulirapo pang'ono. Gwirizanani anthu asanu muzikaoda nokha kumene katundu amachokera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Ndipo dzina lanu lisungeni ngati mpamba, muyezo wanu ukhale woona. A Gilbey atatha mowa, chimene adatsala nacho chogulitsika chidali dzina lokha.