Madzi Amadziwa Njira, Nafenso Tiidziwe

Ramadhan ya 2023 inapeza mzinda wa Blantyre uli pa maliro. Mwezi unaoneka patangopita masiku ochepa namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu mazanamazana anamwalira m'chigawo cha kummwera, ndipo masukulu ambiri anasanduka misasa ya anthu osowa pokhala.

Mvula sitingailetse, koma njira imene madzi amadutsa timaikonza kapena kuiwononga ndife. Mapiri a Soche ndi Ndirande atsala ambee chifukwa cha nkhuni ndi makala, choncho dothi lilibe mizu yoligwira. Majumbo amene timataya m'ngalande amakatseka pansi pa milatho ya Mudi ndi Nasolo, ndipo madzi akasowa podutsa amalowa m'nyumba.

Ine ndimaphunzitsa ana ku madrasa. Kumwamba kukachita mdima masana, ndimayamba kuwerenga ana amene amawoloka mtsinje popita kwawo. Ana amenewa amadziwa ngalande imene imayamba kusefukira, mwala umene ukamira munthu asawoloke, ndi nyumba ya agogo amene sangathe kuthawa okha. Mainjiniya a khonsolo ali ndi mapu, koma nzeru iyi ili ndi ife okhala pamalopo.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi maganizo akuti za ngozi ndi za DoDMA ndi khonsolo basi. M'mawodi athu muli makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Tiwafunefune, tilowemo, amayi ndi achinyamata omwe. Tichotse zinyalala m'ngalande mu Okutobala, mvula isanayambe. Nthambi yoona zanyengo ikachenjeza pa wailesi, chimkuzamawu cha pamzikiti chifikitse uthengawo kwa aliyense, Msilamu ndi Mkhristu, ndipo banja lililonse lidziwiretu kothawira.

Akuluakulu nawonso atimvere. Munthu samanga pamtsetse wa phiri chifukwa chokonda ngozi, koma chifukwa malo abwino ndi lendi zakwera mtengo, ndipo ganyu ali m'tauni. Mukam'samutsa osam'funsa, n'kumuika kutali ndi msika, madzi ndi sukulu, adzabwerera pomwepo.

Mwezi uno timakumana usiku uliwonse pa Taraweh. Tikamaliza, tikhale pansi ngakhale mphindi khumi, tilembe mayina a okalamba ndi olumala a m'dera lathu, ndi amene adzawanyamule madzi akadzabwera. Allah atiteteze ife ndi anansi athu.