Mandasi a Papepala

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, amajambula mandasi. Ndikawauza choncho amayi anzanga, ambiri amamva ngati ndati amaphika, ndiye amafunsa kuti amagulitsira pati. Ndimachita kubwereza kuti sakazinga ayi, amajambula ndi pensulo ndi utoto wosungunula ndi madzi, kenaka amakasindikiza pa timapepala tolimba n'kumagulitsa kudzera pa foni. Apa nkhope zimasintha. Mayi wina anandifunsa mosapsatira kuti, "Ndiye kuti ntchito sanaipezebe eti?"

Chimene chimaseketsa anthu kwambiri n'chakuti ineyo ndine wa zaumoyo kumpingo kwathu. Ndine amene ndimayenda ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi m'chikwama, ndipo ndine amene ndimakumbutsa anthu kuti bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya asafike pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene timadya pa tsiku, ndipo kuti ndi bwino koposa akamakhala masipuni aang'ono 6 okha. Koma mukalowa pabalaza panga mupeza pakhoma pali chitumbuwa, chigumu chodula pakati, fizesi wofiira ndi maswiti atatu a m'botolo la pa okala. Alendo amayang'ana khomalo, n'kundiyang'ana ine, n'kuyamba kuseka.

Tsiku lina mwanayu anandionetsa pa foni zithunzi za mkulu wina wa ku America, Wayne Thiebaud, kuti ndidziwe kuti si iye woyamba kuchita zoterezi. Bambo ameneyu anabadwa mu 1920 ku Mesa, m'chigawo cha Arizona, nakulira ku Long Beach ku California. Ali mnyamata ankagwira ganyu m'malo odyera otchedwa Mile High and Red Hot, komwe ankagulitsa ayisikirimu ndi masoseji, ndipo anagwirakonso kanthawi kochepa ku kampani ya Walt Disney, kujambula tizithunzi ta makatuni. Kwa zaka zambiri ankadya za kujambula zithunzi zotsatsa malonda. Anali atadutsa kale zaka 40 pamene anayamba kudziwika, ndipo chimene chinamutchukitsa ndi makeke ondandalikidwa m'mbale monga mmene amakhalira m'galasi la m'sitolo. Mu 1962 mwini malo oonetsera zithunzi ku New York, Allan Stone, anamupatsa mpata, ndipo zithunzi zonse zinagulidwa. Mu 1964 anapanga tizithunzi tosindikiza tating'onoting'ono timene anatitcha Delights. Chithunzi chake cha mu 1963 chotchedwa Cakes lero chili ku National Gallery of Art ku Washington. Anaphunzitsa zojambula kwa zaka zambiri pa yunivesite ya California ku Davis, ndipo anamwalira pa 25 Disembala 2021 ali ndi zaka 101. Ife a zaumoyo sitingalephere kuwonjezera kuti mkuluyu ankasewera tenisi mpaka mu ukalamba wake.

Chimene chinandigwira mtima pa mbiri yake n'chakuti makeke ambiri aja sankawajambula ali patsogolo pake. Ankawajambula kuchokera m'mutu, monga ankawakumbukira. Utoto ankaupaka wochindikala ngati zonona za pakeke zenizeni, ndipo mithunzi ankaipatsa mtundu wobiriwira ngati thambo. Ukaziyang'anitsitsa, sizikupatsa njala kwenikweni. Zimakukumbutsa mwana amene waima kunja kwa galasi, m'thumba mulibe kanthu.

Mwana wanga yekha amajambula akuona chinthucho. Amagula ndasi limodzi kwa mayi wa pa mphambano, n'kuliika pa pepala la m'kope pafupi ndi zenera, n'kukhala nalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ine ndakhala ndikuona mandasi moyo wanga wonse, koma ndinadziwira kwa iye kuti ndasi lili ndi mitundu yosachepera isanu: pamwamba popserera, m'mbali mwachikasu, mzere wotuwa pamene mafuta analekezera, mng'alu woyera pamene linaphulika, ndi mthunzi wake. Amajambulanso banga la mafuta limene limafalikira papepala. Akuti popanda bangalo anthu amati ndi mbatata. Pa chitumbuwa amavutika ndi timadontho takuda ta nthochi. Fizesi amamujambula atalumidwa kale pakona, chifukwa akuti palibe amene amakumbukira fizesi wosatsegula. Pofika madzulo ndasi lija limakhala litauma gwa, ndipo amadya ndi nkhuku.

Zogulitsa tizithunzi tating'ono pa intaneti nazonso zili ndi amene anaziyamba. Mu 2004 wojambula wina wa ku Richmond, m'chigawo cha Virginia, dzina lake Duane Keiser, anayamba kujambula chithunzi chimodzi tsiku lililonse, chachikulu ngati positikhadi, n'kumachigulitsa pa eBay. Ankajambula zimene zinali pafupi: dzira, chipatso, switi. Ambiri anatengera njira imeneyi, chifukwa inathetsa vuto lakale la ojambula, loti chithunzi chachikulu chimadikira munthu wachuma mmodzi, pamene chaching'ono chimapeza anthu wamba ambiri. Kusindikiza kumafutukula nzeru yomweyo. Ntchito ya tsiku limodzi ikhoza kugulitsidwa kwa anthu makumi awiri, aliyense pa mtengo umene sungamupweteke.

Pofotokoza zimamveka zophweka. Ine amene ndimaonera pafupi ndinganene kuti kujambula ndi gawo laling'ono la ntchitoyi. Chithunzi chikatha amayenera kuchijambulanso ndi foni panja, m'mawa, dzuwa lisanawale kwambiri. Kenaka ulendo wa ku Limbe kwa osindikiza, komwe chikasu cha ndasi nthawi zina chimatuluka ngati lalanje, ndiye pepala lawonongeka koma ndalama walipira. Amadula yekha ndi lula ndi lezala, n'kusaina kumbuyo, n'kuika kakatoni m'envulopu kuti chisapindike. Madzulo amakhala akuyankha mauthenga pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mwa anthu khumi ofunsa kuti "zingati?" mwina mmodzi ndi amene amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ena amangokopera chithunzicho n'kuchiika pa foni yawo, osalipira, ndiponso osatchula n'komwe mwini wake. Ena amamuyamikira ndi mawu okoma kwambiri, kenaka n'kupempha chaulere poti ndi achibale. Lachisanu dzuwa likamalowa amazimitsa foni, ndipo pamakhala ogula amene safuna kudikira mpaka Sabata lithe.

Ndalama zake sizidziwika tsiku lobwera. Mu Disembala zimayenda, chifukwa anthu amafuna mphatso. Mu Januwale ndi Febuluwale, aliyense akulimbana ndi fizi ndi ufa, kumangoti zii. Pakadali pano amadzigulira yekha utoto, mapepala, bandulo ndi sopo, ndipo miyezi ina amatigulira mayunitsi a magetsi. Lendi sangaikwanitse. Bambo ake amaziona zonsezi, ndipo iwo maganizo awo ali pa sukulu ya uphunzitsi. Sanena mwaukali, koma pa chakudya chamadzulo amakonda kufunsa kuti, "Kodi lero mandasi atuluka angati?" Mwanayo amayankha mwaulemu kuti, "Awiri, Ababa," kapena, "Lero ayi." Nkhawa yawo ndimaimvetsa, ndi yanganso. Thiebaud uja naye sanasiye ntchito ya uphunzitsi, ngakhale makeke atamutchukitsa.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandiletsa kunena kuti izi ndi zachibwana, ndicho anthu amene amagula. Ambiri ndi a kwathu konkuno amene ali kutali: ku Johannesburg, ku Cape Town, ena ku Britain. Amatumiza ndalama pa Mukuru, ndipo envulopu imapita ndi munthu wa pa basi kapena wachibale amene akubwerera. Mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg anagula chithunzi cha chigumu, n'kulemba kuti agogo ake ankaphika chotero mu mpoto, makala pansi makala pamwamba pa chivundikiro, ndipo anamwalira iye asanapeze ndalama yobwerera kudzalira maliro. Mwana wanga anandiwerengera uthengawo kawiri. Ku Johannesburg makeke ali m'sitolo iliyonse, otsekemera kuposa chigumu. Mayi ameneyu ankafuna agogo ake.

Zimenezi zandipatsa poyambira pena pa ntchito yanga ya zaumoyo. Ife tikukula, ndasi linali la tsiku la msika, kapena tsiku limene bambo alandira malipiro, ndipo limodzi tinkagawana awiri. N'chifukwa chake timalikumbuka. Lero mwana wa pulayimale amadya atatu popita kusukulu, fizesi pa buleki, chakumwa cha m'botolo pobwerera, mawa chimodzimodzi. Ndasi ndi lomwe lija, koma lachoka pa tsiku la chisangalalo n'kukhala kadzutsa, ndipo zotsatira zake ndimaziona pa makina anga oyezera aja, mwa anthu amene sanafike n'komwe zaka 40. Tsopano ndikamakaphunzitsa za shuga ndimabwereka tizithunzi tinayi kapena tisanu n'kutiyendetsa m'manja mwa anthu. Sindiyamba ndi kuletsa. Ndimafunsa kuti, "Amayi, ichi munayamba kudya liti, anakugulirani ndani?" Nkhani zimabwera zokha, mpaka agogo amene amangokhala chete kumbuyo amafotokoza za sikono ya pa siteshoni ya sitima. Zikatha ndimafunsa funso lachiwiri: "Nanga nthawi imeneyo munkadya kangati pa mwezi?" Pamenepo anthu amayang'anana, ndipo za masipuni 6 zija zimalowa bwino kusiyana ndi mmene zimalowera ndikangoziwerenga papepala.

Mwezi uno wayamba kujambula zipatso zakutchire: masuku, bwemba, ndi malambe oswa pakati. Si ine ndinamuuza, ngakhale anzanga sakhulupirira. Akuti masuku ndi ovuta kuposa ndasi, chifukwa khungu lake silinyezimira, ndipo nyengo yake ndi yaifupi, ndiye akuthamanga asanathe pamsika. Mpaka pano masukuwo agulidwa atatu okha, pamene mandasi akasindikizanso kachinayi. Mafomu a sukulu ya uphunzitsi bambo ake anabwera nawo kale, ali pa kabati, ndipo anagwirizana kuti akambirana mwezi ukatha.