Mlendo wa pa Ukwati ndi Kamera Yace

Nyengo ya maukwati yafikanso kuno kunyanja. Dzinthu zalowa m'nkhokwe, mwera wayamba kuleka, ndipo Loweruka liri lonse timva nthungululu, pena ku Malindi, pena kwa Mponda, pena ku Malembo. Tsono tifuna kukamba nanu za mlendo wina amene makolo athu sanamdziwa, ndiye munthu woitanidwa ku ukwati amene adza ndi kamera pakhosi, nayesa tsiku la mnzace msika wace.

Luso la kujambula siliri lacilendo m'dziko lino monga ena aganizira. Dr. John Kirk, amene anafika ku nyanja yathu pamodzi ndi Dr. Livingstone m'caka ca 1859, anali wojambula, ndipo zithunzi zina za pa ulendo wao zisungidwa kufikira lero. Koma masiku amenewo cithunzi cimodzi cinafuna bokosi lolemera, mankhwala ndi cipiriro. Ngakhale pa ubwana wathu, wojambula tinali kukamfuna ku Boma, ndipo tinalindira masiku ambiri kuti filimu itsukidwe. Lero mnyamata ajambula m'mawa, nathamanga pa njinga kukatsukitsa, ndipo dzuwa lisanapendeke zithunzi zayalidwa kale pakhomo pa holo monga usipa pa thandala.

M'mwezi wa September 2023 tinaitanidwa ku ukwati wa mwana wa mkulu wina wa mpingo. Eni ukwati anali atapangana kale ndi wojambula wao, nampatsa theka la malipiro. Mwa oitanidwa munali mnyamata amene tinamphunzitsa ife eni kuwerenga ndi kulemba, mwana waulemu ndi wakhama, amene anagula kamera yace ndi ndalama za thukuta la ku Johannesburg. Iyeyu anaitanidwa monga bwenzi la mkwati, ndipo anampatsa mpando wa kutsogolo.

Pamene abusa anatenga mphete, mnyamata uja ananyamuka, naima pakati pa akwati ndi wojambula wa eni ace. Ndipo wolembedwa nchitoyo anajambula msana wa mlendo m'malo mwa manja a mkwatibwi. Mphindi yotere sibwerezedwa. Ku madyerero, anthu ali mkati mobvina perekaniperekani, iye anali kuyenda pakati pao ndi kugawa timapepala ta dzina lace ndi nambala ya foni, nanong'oneza anamwali ndi amai ao kuti mtengo wace ucepa poyerekeza ndi wa mnzace uja.

Koma cimene cinatilasa mtima ndi ici. Panali gogo wina, mbale wa mkwatibwi, amene anacokera kutali, mbali ya kwa Makanjira. Mnyamata anamjambula alikubvina, osampempha. Ndipo madzulo anamuonetsa cithunzico pamaso pa asewere ace, nachula mtengo. Gogoyo anacita manyazi kukana pamaso pa anthu, naopanso kusiya nkhope yace pansi pa fumbi kuti alendo aiponde. Anamasula mfundo ya pa citenje, napereka ndalama imene anasungira ulendo wobwerera kwao. M'mawa mwace ankhoswe anayamba kusonkha kuti nkhalamba ikwere matola. Usiku womwewo cithunzi ca mkwatibwi cinali kale pa Facebook, nambala ya wojambula italembedwa pa diresi lace, amace omubala asanaone ngakhale cimodzi.

Cotero mlandu woyamba umene ankhoswe a banja latsopanolo anaukhalira pansi sunali wa mwamuna ndi mkazi iai, koma wa mlendo. Akucikazi anati, Akucimuna anatibweretsera wamalonda kuti atikame. Akucimuna anati, Ife tinaitana bwenzi. Ndipo mau owawa ananenedwa pakati pa mabanja awiri amene dzulo lace anadyera mbale imodzi.

Tisadziyeretse ife tokha. Pamene kamera inatiloza tinakonza jekete ndi kumwetulira monga ena onse, osanena kanthu. Ndiponso ndife amene tinamphunzitsa mnyamatayo kuti asacite manyazi ndi nchito ya manja ace; koma tiyesa kuti sitinamphunzitsa bwino kuti nchito iri ndi malo ace ndi nthawi yace. Cifukwa cace tinamuitana kunyumba, ndipo titakhala pa khonde tinamuuza zonse. Iye anayankha mwaulemu nati, Aphunzitsi, nanga anthu ambiri obvala bwino ndidzawapeza kuti, ngati si paukwati? Kodi ndigone ndi njala cifukwa ca ulemu?

Funso ili sitilipeputsa. Tidziwa kuti nchito zisowa, ndi kuti cambo cimene cinalera atate athu cacepa m'nyanja ndi ku Malombe komwe. Mnyamata wofuna kudya za luso lace aposa iye wokhala pa bawo tsiku lonse. Koma tinati kwa iye, Mwana wathu, unakulira pa dooko. Mnzako akakuitana kudzamthandiza kukoka khoka lace, kodi uponya ukonde wako mkati mwa khokalo, pakuti waona kuti nsomba zasonkhana? Anazisonkhanitsa ndani? Anthu aja unawaona obvala bwino sanadzere iwe. Eni ukwati anagulitsa mbuzi, nakongola ndalama, nayenda midzi kuitana abale, kuti adzakondwere ndi ana ao. Iwe anakupatsa mpando ndi cakudya kwaulere cifukwa anakukhulupirira. Wamalonda aima kunja kwa mpanda, ndipo munthu acenjera naye. Koma bwenzi salicenjerera munthu. Ukagulitsa uli pa mpando wa bwenzi, ugulitsa cikhulupiriro cimene sunacigula.

Tikumbukenso ukwati wa ku Kana, umene tiwerenga pa Yohane 2. Ambuye wathu anali komweko monga woitanidwa. Pamene eni ace anasowa, Iye anawathandiza mwakacetecete, kotero kuti mkulu wa phwando anayamika mkwati, osadziwa kumene vinyo anacokera. Koma atumiki anadziwa. Mlendo Wamkulu koposa onse anasiya ulemu wa tsikulo pa mutu wa mwini tsiku. Nanga ife tiri yani kuti tiulande?

Tsono kwa ana athu onse a luso limeneli tipereka malangizo awa. Coyamba, ngati waitanidwa monga mlendo, funsa ankhoswe kapena wapampando wa komiti tsiku lisanafike, ngati alola kuti udze ndi kamera. Akakana, uisiye kunyumba ndi mtima woyera. Caciwiri, akalola, ukapereke moni kwa wojambula wolembedwa nchito, nukhale kumbuyo kwace, osapeputsa mtengo wace kapena nchito yace. Pakuti mawa udzalembedwa ndiwe, ndipo wina adzaima patsogolo pako. Cacitatu, m'chalichi ukhale pansi monga wopembedza. Si malo a malonda. Cacinai, usajambule munthu ndi cifuno ca kumlipiritsa usanampemphe ndi kumuuza mtengo. Kuno ku Mangochi maukwati athu asonkhanitsa Akristu ndi abale athu Acisilamu, ndipo alipo amai ena, a mbali zonse ziwiri, amene safuna kuti mwamuna wacilendo asunge nkhope zao. Cacisanu, usaike cithunzi ca akwati pa Facebook kapena pa WhatsApp cokopera malonda popanda cilolezo cao. Ndipo wina akakufunsa yekha za nchito yako, umyankhe mwacidule, numuuze kuti mudzakambe tsiku lina.

Nafenso eni maukwati tiri ndi mbali yathu. Tinene poyera, m'kalata yoitanira kapena pakamwa pa woyendetsa mwambo, amene tamsankha kujambula. Ndipo tiuze okalamba athu kuti palibe ngongole pa cithunzi cimene sanacipempha.

Mnyamata uja anakhala cete nthawi yaitali. Patapita masabata awiri tinamva kuti anatsukitsa zithunzi zonse za tsiku lija, nakazipereka kwa ankhoswe monga mphatso, napepesa. Ndi kuti anatumiza ndalama ya gogo uja pa dzanja la mdzukulu wace. Ngati malonda ace akula cifukwa ca ici, ife sitinamfunsa. Cimene tiona ndi cakuti mabanja awiri aja ayamba kulonjerananso pa njira ya kumsika.

Akulu anati, Mlendo ndi mame. Mame agwa usiku opanda phokoso, natsitsimutsa mbeu za mwini munda, ndipo dzuwa likakwera acoka. Tikhale alendo otere, abale, ife ndi ana athu, pa maukwati onse a caka cino.