Nthunzi Imene Inasowa pa Chithunzi

M'nyumba mwathu muno mumzinda wa Buffalo, m'chigawo cha New York ku America, tili ndi zithunzi zoposa 300 za masiku asanu okha, kuyambira Lachisanu pa 23 Disembala 2022 mpaka Lachiwiri lotsatira. Zambiri mwa izo n'zokongola. Koma ziwiri zimene tinatsukitsa n'kuzipachika pabalaza sizokongola konse. Zonse ziwiri zikuonetsa khoma la nyumba ya aneba athu ndi kapaipi koyera kotulukira pakhomapo. Alendo akatifunsa chifukwa chake, timawauza nkhani iyi.

Tinabwera kuno kuchokera ku Thyolo zaka 6 izi zisanachitike. Kuzizira kumene tinkakudziwa ndi kwa chiperoni, koma kuno tinapeza kwina. Buffalo ili kumapeto a kum'mawa kwa nyanja ya Erie. Mu Disembala madzi a nyanjayi nthawi zambiri amakhala asanaundane, ndipo amakhala ofundirapo kuposa mpweya. Mphepo yozizira kwambiri ikawomba motsata kutalika kwa nyanjayo, imatola chinyezi n'kudzachikhuthula pamtunda ngati chipale chofewa. N'chifukwa chake mbali ina ya mzinda imatha kukwiririka pomwe makilomita ochepa kuchokera pamenepo dzuwa likuwala. Pofika chaka chimenecho tinali titazolowera, mwina mopitirira muyezo. A zanyengo atachenjeza mlungu wonse kuti kukubwera chimphepo choopsa, tinagula nyemba, mpunga, mabatire ndi makandulo, tinatunga madzi m'zigubu, n'kudziuza kuti tathana nazo.

Lachisanu kunacha ndi mvula wamba. Chakudya cha Sabata tinachiika pamoto m'mamawa. Nyemba zisanapse, mphepo inatembenuka, mvula ija inasanduka chipale, ndipo nyumba za tsidya la msewu zinangozimirira ngati wina waziphimba ndi nsalu yoyera. Boma linaletsa magalimoto kuyenda. Mphepo inkafika liwiro loposa makilomita 110 pa ola, ndipo pofika usiku kuzizira kunatsika kupitirira -10. Mzinda unakhala pafupifupi tsiku limodzi ndi theka munthu osatha kuona ngakhale mtengo wapakhomo pake.

Mwana wathu wamkazi, yemwe panthawiyo anali ndi zaka 14, anatenga kamera yakale imene tinamugulira kwa munthu wina n'kuyamba kuzungulira mazenera onse. Zithunzi zoyamba zinamukhumudwitsa. Chipale choyera mbuu chinkatuluka chotuwa ngati phulusa. Anafufuza pa intaneti n'kupeza chifukwa chake: kamera ikaona kuyera kwambiri imayesa kuti kuwala kwachuluka, ndiye imakuchepetsa yokha. Wojambula amayenera kuonjezera kuwalako ndi sitepe imodzi kapena ziwiri, pamene palembedwa +1 kapena +2. Anaphunziranso kuti batire limatha msanga kukazizira, choncho lina ankalisunga m'thumba la mkati kuti lizifunda ndi thupi. Akasuzumira nayo kamerayo panja, ankayamba waikulunga mu jumbo asanalowe nayo, kuopa kuti mpweya wofunda wa m'nyumba ungachite thukuta pagalasi ndi m'kati mwake.

Tonse tinalowerera. Tinajambula galimoto yathu ikukwiririka ola ndi ola mpaka kutsala kagalasi kam'mbali kokha. Tinajambula chipale chitamatirira pazenera ngati nsalu yoluka. Nyumba za m'dera lathu n'zoyandikana kwambiri, mwina mamita anayi okha pakati, ndiye khoma la aneba athu ndi lokhalo limene linkaoneka bwinoko mphepo ikapumira. Nalonso tinalijambula kangapo, chifukwa nthunzi yotuluka pakapaipi kawo inkapindika mosangalatsa ndi mphepo. Zithunzi zina tinatumiza kumudzi pa WhatsApp. Agogo awo a ana anayankha ndi mawu kuti: "Ufa wonsewu mwauyanika pabwalo, nkhuku zili kuti?" Tinaseka mpaka misozi.

Kuno dzuwa la Disembala limalowa 5 koloko isanakwane. Tinatsegula Sabata titazungulira tebulo, mphepo ikulira padenga ngati lole yosatha kudutsa. Mabanja zikwizikwi mumzindamu anali mumdima, koma ife magetsi sanatizimire. Tinayamika, tinadya, ndipo tinadzimva otetezeka.

Chinthu chimodzi chokha chinatisowetsa tulo. Pawailesi ankabwereza kuti aliyense aziyang'ana paipi ya makina ake otenthetsera nyumba. Nyumba zambiri kuno zimafunditsidwa ndi makina oyaka gasi, ndipo m'nyumba zina, monga yathu, utsi wake umatulukira pa paipi ya pakhoma, chapafupi ndi pansi. Chipale chikatseka paipiyo, makinawo amazima okha, kapena utsi umabwerera m'nyumba. Ndiye usiku wonse, pakatha maola atatu aliwonse, awirife tinkavala zovala zitatuzitatu, n'kumangana m'chiuno chingwe choyanikira zovala, n'kutuluka ndi fosholo tikupapasa khoma. Paipi yathu tinaifukula kanayi. Ya aneba inali masitepe asanu okha kuchokera pamene tinkaima. Sitinatembenuke n'komwe kuti tiione.

Sabata m'mawa kutchalitchi kunali kosapitika. Titatha kuphunzira limodzi pabalaza, mwana uja anajambulanso pazenera la kukhitchini, n'kukhala pansi kumaona zithunzi zake chammbuyo. Kenaka anatiitana.

"Ababa, amama, tabwerani muone. Ichi n'cha dzulo masana. Ichi n'cha pompano."

Pa chithunzi cha dzulo, kapaipi ka aneba kankatulutsa nthunzi. Pa cha m'mawa umenewo panalibe nthunzi, ndipo paipiyo inangotsala kansonga, kotsekeka ndi chipale chimene mphepo inaunjika pakhomapo.

Aneba athuwo anali mayi wamasiye wa zaka pafupifupi 80, wokhala yekha. Kwa zaka ziwiri tinkangokwezerana dzanja tikakumana pa msewu. Ana ankawatcha Agogo, koma nambala yawo ya foni tinalibe. Tinamangananso chingwe chija, ana tinawasiya pazenera, ndipo mamita ochepa aja anatitengera mphindi khumi, chipale chikutifika m'chiuno. Tinagogoda nthawi yaitali. Atatsegula anali atafunda mabulangete awiri, akuyenda mogwira khoma.

"Agogo, mwadzuka bwanji? Makina anu akuyaka?"

"Anazima usiku, ana anga. Koma musadandaule, ndayatsa uvuni. Kungoti mutu ukundiwawa, ndipo ndikumva nseru."

M'khitchini tinapeza chitseko cha uvuni wa gasi chili pululu, mbaula zake zonse zinayi zikuyaka, mpando uli pafupi, mazenera onse otseka, pansi pa chitseko atatsekapo ndi matawulo. Kachipangizo kochenjeza za mpweya woipa kanali pakhoma, koma batire lake linatha kalekale.

Amene tinakulira ku Malawi zimenezi timazidziwa. Miyezi ya Juni ndi Julayi timamva za anthu amene agona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, n'kupezeka m'mawa atamwalira. Wakupha ndi yemweyo, mpweya wotchedwa carbon monoxide. Umapangika makala, nkhuni, gasi, palafini kapena petulo zikamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Ukalowa m'magazi umakanirira pamalo pamene pamayenera kukhala mpweya wabwino, ndipo umagwira mwamphamvu kuwirikiza ka 200 kapena kuposa. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenaka amasokonezeka maganizo n'kuyamba kusinza. Choopsa chake n'chakuti amangoyesa chimfine kapena kutopa, ndiye amapita kukagona m'chipinda chomwecho.

Tinazimitsa moto wonse, tinatsegula zitseko ngakhale kunali kozizira chomwecho, n'kuwatulutsa. Tinawayendetsa pakati pathu, wina kutsogolo kupondereza njira, wina kumbuyo kuwagwira. Titafika kwathu tinaimba nambala ya zangozi. Anatiuza mosabisa kuti ambulansi sizikutha kuyenda, zina zatitimira m'misewu, ndipo anatilangiza kuti tiwakhazike pa mpweya wabwino, tisawasiye okha, ndipo tiimbenso akayamba kusokonezeka kapena kumva kupweteka pachifuwa. Maola amenewo anali aatali. Tinkasinthana kuwayankhulitsa, kuwafunsa mayina a zidzukulu zawo ndi kumene anabadwira. Chakumadzulo mutu unayamba kuleka, anamwa phala, ndipo potseka Sabata anakhala nafe pamzere. Misewu itatseguka tinapita nawo kwa dokotala, chifukwa aliyense amene wapuma mpweya umenewu ayenera kukaonedwa kuchipatala ngakhale akumva bwino. Mavuto ake ena, monga kuiwalaiwala, amatha kuoneka patapita masiku.

Agogowo anakhala nafe masiku asanu. Anaphunzira kudya nsima ndi manja, ndipo anaphunzitsa ana athu kuphika buledi wa chimanga. Tsiku loyamba la mlungu, lomwe linali la Khrisimasi, mphepo inachepa ndipo anthu a mumsewu wathu anatuluka ndi mafosholo. Ntchito imeneyinso ili ndi ngozi yake. Chipale chounjikana n'cholemera, kuzizira kumafinya mitsempha ya magazi, ndiye mtima umagwira ntchito yowirikiza. Tinkakankha m'malo monyamula, kupuma pafupipafupi ndi kumwa madzi ofunda, ndipo achikulire tinawalanda mafosholo n'kupatsa anyamata. Tsiku limenelo tinagogoda nyumba iliyonse mumsewu wathu, chinthu chimene sitinachitepo chifikire.

Pomwe chimphepocho chinkatha, pabwalo la ndege la Buffalo panali patagwa chipale choposa mita imodzi ndi masentimita 25. Anthu oposa 40 anamwalira m'derali. Ena anapezeka m'magalimoto, ena panja atakwiririka, ena m'nyumba zozizira, ena mtima unaima akufosholo, ndipo panalinso imfa yobwera chifukwa cha paipi yotsekeka ngati ija. Magalimoto mumzinda analoledwa kuyendanso Lachinayi pa 29 Disembala.

Anthu amatiyamikira tikafotokoza nkhaniyi, koma ife imatichititsa manyazi pang'ono. Khoma la mayi uja tinalijambula Lachisanu lonse ngati chinthu chokongola, osadzifunsa kuti kuseri kwake kuli ndani ndipo akupeza bwanji. Tinakumbukira agogo a ku Thyolo, amene ali kutali makilomita zikwizikwi, n'kuiwala agogo a pamphuno pathu. Kumudzi sitikanatero. Kukacha, munthu sayamba ntchito asanadzutse nyumba zoyandikana, ndipo pakhomo pamene sipakufuka utsi mpaka dzuwa kukwera, wina amapita kukagogoda. Mwambo umenewu tinausiya pabwalo la ndege, poganiza kuti kuno aliyense amafuna kusiyidwa yekha. Amene anaukumbuka ndi mwana amene anachoka kumudzi ali ndi zaka 8, ndipo anaukumbukira pa kagalasi ka kamera.

Masiku ano makiyi a nyumba ya Agogo ali pa msomali m'khitchini mwathu, athu ali kwawo. Nyengo yozizira ikamayandikira timasintha mabatire a tizipangizo tochenjeza m'nyumba zonse ziwiri tsiku limodzi. Tikamaimba kumudzi mu Juni, timakumbutsa abale kuti mbaula azitulutsa panja asanagone, ndipo jenereta isalire m'nyumba kapena pafupi ndi zenera. Mwana wathu akujambulabe, ndipo tsopano chipale chake chimatuluka choyera. Koma kukagwa chipale, chinthu choyamba chimene amachita akadzuka ndi kupita pazenera la kukhitchini wopanda kamera, n'kuyang'ana ngati nthunzi ikutuluka.