Msoki wa Mabuku wa ku Wovwe

Ku Wovwe, kumene mtsinje umatsika kuchokera ku mapiri a Nyika nuthirira minda ya mpunga, kuli mkulu wina amene anthu amamtengera mabuku ong'ambika. Mabaibulo, mabuku a nyimbo ndi a sukulu amafika pakhonde pake atathothoka masamba, ena atadyedwa ndi chiswe.

Lusoli analilandira kwa atate ake, amene anaphunzira ku Khondowe. Kumeneko Dr Robert Laws anayamba kumanga Livingstonia m'chaka cha 1894, ndipo anyamata ankaphunzirako ukalipentala, kumanga nyumba ndi kusindikiza mabuku. Wosindikiza wa masiku amenewo ankatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi, nazindanditsa chobwerera m'mbuyo, kuti papepala zituluke zolunjika. Munthu wopupuluma sakadaitha ntchito yotero.

Mkuluyu akalandira buku sathamangira kuwerenga. Amayamba wagwira tsamba ndi zala, naliyang'ana padzuwa. Pakuti pepala lili ndi njira yake monga thabwa: likapindidwa motsata njirayo limagona bwino, koma likapindidwa mopingasa limachita makwinya, buku nilikana kutsekeka. Tsono amasonkhanitsa masamba m'timagulu, nasoka kagulu kalikonse pamsana ndi singano ndi ulusi wolimba. Mabuku ongomata ndi guluu amawadandaula, ndipo salakwa, pakuti m'dziko lotentha ngati Karonga guluu amauma msanga, masamba nayoyoka. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino, koma iye amapaka pang'ono chabe, chifukwa mphemvu zimalikonda.

Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye amene anali atangophunzira kuwerenga kusukulu ya kwacha. Anatenga buku la nyimbo la malemu mwamuna wake, chikuto chitachoka. Patsamba loyamba mwamunayo analembapo maina a ana awo asanu ndi zaka zimene anabadwa, ndipo tsambalo linali litang'ambika pakati.

"Bambo, ena onse atayike, koma ili lokha lisatayike," anatero mayiyo.

Mkuluyo anadula kapepala kopyapyala, nakamata kuseri kwa tsamba, nalunzanitsa zilembo zoduka mosamala kufikira zinakumana. Pofuna kusoka, maso anamkanika, pakuti wakalamba. Katatu konse ulusi unaphonya diso la singano. Pamenepo anaitana mdzukulu wake wamkazi, amene anali kupeta mpunga pabwalo.

"Agogo, ndilowetse ulusi wokha?"

"Lowetsa, ndipo ukhale pompano uone."

Mtsikanayo anasoka kagulu koyamba mokhota, agogo ake namasula, iye nabwereza. Atapita masiku atatu mayi uja anabwera ndi nsengwa ya mpunga. Anatsegula bukulo, naika chala pansi pa mzere woyamba, nawerenga pang'onopang'ono dzina la mwana wake wachisamba.