Pa Kacholola, Mtengo Uliwonse Uli ndi Kwao

Ife amene tiyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata tidziwa kuti tikangooloka mlato wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968, galimoto iyamba kulira ndi zitunda. Mseu ukhotakhota pakati pa mapiri kufikira pa Kacholola, tisanafike ku Nyimba. Ambiri a ife tiona cabe matumba a makala ondandalikidwa m'mbali mwa mseu. Koma tikayang'anitsitsa, tiona kuti pa kamtunda komweka nkhalango isintha kotheratu.

Kumunsi, m'cigwa motentha, ndi kwao kwa tsanya, mlambe, bwemba ndi masau. Tikakwera tilowa m'miombo, ndipo pa nthaka ya mcenga ndi miyala tipeza misuku. Ansenga a dera lino anadziwa kalekale kuti msuku sulola kukhala kucigwa. Akatswiri a zomera anapezanso kuti mizu ya msuku ndi ya miombo ikhalira pamodzi ndi tiulusi ta bowa m'nthaka. Bowa utapa madzi ndi cakudya nupatsa mtengo, mtengo nawo uubwezera shuga wopangidwa m'masamba. Ndico cifukwa cake amai azula bowa pansi pa mitengo imeneyi m'dzinja, ndipo nkhalango ikatha, bowa nawonso utha.

Mankhwala amene comera cisunga m'makungwa, m'mizu ndi m'masamba ndi zida zake zodzitetezera ku tizilombo, ku dzuwa ndi ku cilala. M'mwezi wa Seputembala mapiri a Kacholola afiira ndi masamba anthete a miombo. Kufiirako kuteteza tsamba lakhanda ku ukali wa dzuwa. Tsabola wokulira pouma awawa kopambana wa m'dimba mothirira tsiku ndi tsiku. Mlambe wopirira kutentha kwa cigwa utipatsa ufa wokhala ndi vitamini C wambiri kuposa lalanje.

Kwinini, mankhwala akale a malungo, atiphunzitsa zomwezi. Acokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa m'mapiri a Andes, limene Ajezuiti anafika nalo ku Roma m'zaka za m'ma 1600. Mitengo yoyamba imene Adachi anabzala ku Java inali ndi kwinini wocepa. Zinthu zinasintha atagula mbeu za ku Bolivia zimene Charles Ledger anatumiza mu 1865, nazibzala m'malo okwera ndi ozizira. Mbeu yabwino inafuna malo oiyenera.

Koma ticenjere, pakuti mphamvu yomweyi itha kupweteka. Cinangwa cowawa cionjeza ululu wake mvula ikasowa. Ku Nampula, m'dziko la Mozambique, pa cilala ca 1981, anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo atadya cinangwa cosakonzedwa bwino. Kuno kwathu tinaona cilala mu 1992 ndiponso mu 2024, ndipo cidzabweranso. Pa zaka zotere njala isatifulumize: cinangwa tisende, tiviike m'madzi masiku atatu kapena kuposerapo kufikira cifewe, ndipo tiyanike mpaka ciume.

Nanga makala aja? Sitiweruza bambo amene aocha makala kuti mwana apite kusukulu. Koma mtengo umene unakula zaka makumi ambiri pa phiri lake sitingaubwezere pobzala bulugamu kuseri kwa nyumba. Papa Francis, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, anatikumbutsa kuti dziko ndi mudzi wathu tonse. Tsono m'miphakati yathu tigwirizane zinthu zitatu: nkhwangwa isakhudze msuku, mlambe ndi msau, chire tizitentha msanga mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitse, osati mu Okutobala, ndipo wofuna khungwa la mankhwala asende mbali imodzi yokha, osazunguliza thunthu. Mlengi anaika mtengo uliwonse pa malo pake, ndipo ana athu adzaufuna pomwepo.